Dzino Lomaliza Likakanirira: Tipite Msanga Njira Zikadali Zambiri

 

Pa kalabu pano tinazolowera kukamba za Edzi, mimba zotenga tikadali ana, maukwati a ana ndi mabizinesi ang'onoang'ono. Lero mutu wake ndi dzino, ndipo ndaona ena akumwetulira ngati nkhani zatithera. Musanaseke kwambiri, tachitani ichi: yendetsani lilime m'kamwa mpaka kumapeto kwenikweni kwa mano a m'munsi. Ena mwapeza dzino lathunthu lomera bwinobwino. Ena mwangopeza nkhama yokha. Koma alipo ena amene mwakhudza kansonga ka dzino kongosuzumira, theka lake litaphimbidwa ndi kanyama. Inuyo nkhaniyi ndi yanu kwambiri, ngakhale tonsefe ikutikhudza, chifukwa dzino limeneli limamera pa msinkhu wathu uno.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Dzino lomalizali likayamba kuvuta, munthu wopita msanga kuchipatala amapeza njira zingapo zomuthandizira. Wochedwa amapeza kuti yatsala imodzi. Wochedwetsetsa amakafika akuvutika kupuma.

DZINO LAKE NDI LITI?

Amene tinaphunzira Biology kusekondale tikukumbuka kuti mwana amakhala ndi mano 20, pamene munthu wamkulu amakhala ndi 32. Tikagawa m'kamwa panayi, chigawo chilichonse chili ndi mano 8: awiri akutsogolo olumira, limodzi losongoka long'ambira, awiri otafunira ang'onoang'ono, ndi atatu akuluakulu operera chakudya. Mwa atatu akuluakuluwo, loyamba limamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, lachiwiri ali ndi zaka pafupifupi 12, ndipo lachitatu limadikira mpaka zaka za pakati pa 17 ndi 25, ngakhale kwa ena limafulumirako. Pa Chingerezi amalitcha wisdom tooth, kunena kuti dzino la nzeru, poti limabwera munthu atakula. Likanakhala kuti limabweretsadi nzeru, bwenzi tonse tikulidikira kaye tisanalembe MSCE, eti?

Mano amenewa amakhala anayi, awiri m'mwamba, awiri m'munsi. Anthu ena amabadwa opanda limodzi, ena opanda onse anayi, ndipo amenewo si matenda ayi.

Vuto lake ndi malo. Taganizirani minibasi ya pa Migowi yopita ku Limbe itadzaza kale, kondakitala n'kukankhiramo munthu wina womaliza. Munthuyo sakhala bwino. Amakhala chammbali, watsamira mnzake, phazi lili pa thumba la wina. Ndi mmene zimakhalira m'kamwa. Dzino lomaliza limafika nsagwada itatsala pang'ono kusiya kukula, mano ena 28 atatenga kale malo awo. Malo akachepa, dzino limakanirira m'fupa kapena limangotuluka theka. Lina limaima chilili koma nkhama italiphimba. Lina limapendekera kutsogolo n'kutsamira dzino loyandikana nalo. Lina limagona chopingasa m'fupa, lina limapendekera kumbuyo. Mano a m'munsi ndi amene amavuta kwambiri kuposa a m'mwamba.

Kukula kwa mano ndi nsagwada timatengera kwa makolo, koma akatswiri ambiri amaona kuti chakudyanso chili ndi mbali yake. Nsagwada ya mwana imakula bwino ikamagwira ntchito yotafuna zolimba. Agogo athu anakula akukukuta chimanga chokazinga, nzimbe ndi nyama yowamba, ndipo mano awo ankaperepeseka pang'onopang'ono n'kusiya mpata kumbuyo. Ife tikukula ndi mandasi, masikono, buledi ndi zakumwa za shuga, zinthu zofewa komanso zobowola mano.

LIKAKANIRIRA CHIMACHITIKA N'CHIYANI?

Dzino lokwiririkiratu m'fupa nthawi zambiri limangokhala phee, mwina moyo wonse. Lovuta ndi lotuluka theka lija. Kanyama koliphimba kamapanga kathumba, ndipo m'kathumbamo mumalowa nsima, timinga ta matemba, makoko a nandolo, malo oti mswachi sufikako. Tizilombo tosaoneka ndi maso timaswana mmenemo, nkhama n'kutupa. Achipatala matenda amenewa amawatcha pericoronitis. Munthu amamva kupweteka kumapeto kwa nsagwada mpaka kukhutu, nkhama imafiira, m'kamwa mumanunkha ngakhale watsuka, mumamveka kukoma kwachilendo kwa mafinya, ndipo kutafuna kumawawa. Zikafika poipa, dzino la m'mwamba limaluma kanyama kotupako nthawi iliyonse ukatseka pakamwa, bala n'kumangokula.

Matendawa ndi onyenga. Amapweteka masiku atatu kapena anayi, kenako n'kuleka, munthu n'kumati ndachira. Pakapita miyezi ingapo abweranso, chifukwa kathumba kaja sikanachoke. Ambirife timazolowera, timangoti ndi dzino langa lija, n'kumeza Panado.

Vuto lachiwiri limayenda mobisa. Dzino lopendekera kutsogolo limasiya kampata pakati pa ilo ndi dzino lachiwiri. Chakudya chimatsalira pamenepo tsiku ndi tsiku, ndiye lobowoka limakhala dzino lachiwiri lija, limene linali labwinobwino komanso limene timatafunira kwambiri. Mapeto ake munthu amataya mano awiri pamene akanataya limodzi, kapena osataya n'komwe. Nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, pa dzino lokwiririka pamamera chotupa cha madzi chimene chimadya fupa la nsagwada mwakachetechete, ndipo chimaoneka pokhapokha akajambula X-ray.

ZIZINDIKIRO ZOSAGONA NAZO

Apa ndipemphe kuti mumvetsere bwino, chifukwa ndi pamene pali moyo. Mafinya a dzino la m'munsi akasowa potulukira amatha kulowa pansi pa lilime ndi m'khosi. Dokotala wa ku Germany, Wilhelm Friedrich von Ludwig, anafotokoza matenda amenewa m'chaka cha 1836, ndipo mpaka lero amatchedwa Ludwig's angina. Pansi pa chibwano pamatupa n'kuuma gwa ngati thabwa, lilime limakankhidwira m'mwamba ndi kumbuyo, njira ya mpweya n'kuyamba kutsekeka. Zimenezi zimathamanga kwambiri, ndipo mnyamata wamphamvu zake amene dzana ankasewera mpira amatha kufa nazo.

Ndiye mukaona izi pa inu kapena pa m'bale wanu, nkhani yasintha:

1. Pakamwa pakukanika kutseguka moti zala ziwiri sizikulowa.
2. Kutupa kwatsikira pansi pa chibwano kapena m'khosi, kapena kwakwera mpaka diso layamba kutsekeka.
3. Thupi latentha ndipo munthu akunjenjemera.
4. Akulephera kumeza ngakhale malovu, dovu likungotuluka.
5. Mawu asintha, kapena akupuma movutikira.

Chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira. Pezani njinga yamoto usiku womwewo. Tisamangoti ndi matsagwidi adzaphwa okha, kapena kuyamba kufufuza amene walodza. Ngati abale akufuna kupemphera, apemphere ndithu koma ali m'njira ya kuchipatala. Anzathu odwala shuga, amayi oyembekezera, ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, ayenera kufulumira kuposa wina aliyense.

ZIMENE TINGACHITE PAKHOMO

Ngati kupweteka kwangoyamba ndipo palibe chizindikiro choopsa, pali zinthu zothandiza podikira ulendo wa kuchipatala. Sungunulani theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda amene anawiritsidwa, n'kuchukucha m'kamwa katatu kapena kanayi pa tsiku, makamaka mukatha kudya. Tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira okhala ndi fluoride. Kuti mswachi ufike kumapeto, musayasamule kwambiri. Tsekani pakamwa pang'ono, tsaya limasuka, mswachi n'kulowa bwino. Nkhama ikatuluka timagazi musasiye kutsuka, chifukwa litsiro ndi limene laitupitsa.

Za mankhwala opha ululu, munthu wamkulu akhoza kumwa Panado awiri a 500 mg, n'kudikira maola osachepera anayi asanamwenso, ndipo asapitirire mapilitsi 8 pa maola 24. Kupitiriza muyeso kumawononga chiwindi. Bufen amamwa utadya kaye, ndipo si wa amayi oyembekezera kapena odwala zilonda za m'mimba. Kumbukirani kuti zonsezi zimangoziziritsa ululu, dzino likadali pompaja.

Tsono pali zinthu zimene timamva m'midzi muno zoti tizisiye. Kukanikiza Aspirin pa nkhama kumawotcha nyama n'kusiya bala loyera. Petulo, mafuta a mabuleki, madzi a batire, kachasu ndi fodya wosinja ndi poizoni, sizingawongole dzino lopendekera. Kutokosa ndi singano, waya kapena minga kumangolowetsa litsiro mkati. Kugula makapusozi pa msika n'kumwa awiri atatu, kapena kutsegula kapusozi n'kuthira ufa wake pa dzino, kumaphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala, moti tsiku limene mudzadwaladi mankhwalawo sadzagwira ntchito. Ndipo chonde, anthu ozula mano ndi pulayala kuseri kwa msika tiwapewe. Dzino lomaliza lili ndi mizu yokhota, limathyokera mkati, nsagwada nayo ikhoza kusweka, ndipo zida zosaphika bwino zimafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B.

Palinso mantha awiri amene amatsekereza anthu pakhomo. Ena amati kuzula dzino la m'mwamba kumachititsa khungu. Si zoona, chimene chimaopseza diso ndi mafinya osiyidwa mpaka kutupa kukafika kumeneko. Ena amati mayi woyembekezera sathandizidwa mano. Amathandizidwa ndithu, bola auze achipatala kuti ndi woyembekezera kuti asankhe mankhwala oyenera.

KUCHIPATALA AMACHITA CHIYANI?

Poyambira ndi chipatala chaching'ono chapafupi, monga cha Nambazo. Tengani buku lanu la kuchipatala. Kumeneko akhoza kukuonani, kukupatsani mankhwala, ndi kukutumizani ku chipatala chachikulu cha boma cha John Chilembwe ku Migowi. Kulinso chipatala cha mishoni cha Holy Family, kungoti zipatala za mishoni zimalipiritsa pamene za boma ndi zaulere. M'zipatala za m'maboma ntchito ya mano amagwira kwambiri ndi ma dental therapist, ndipo dzino likakhala lovuta amatumiza wodwala ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena ku Gulupu, ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Chinthu chofunika pa dzino lokanirira ndi X-ray. Maso amaona kansonga kokha, pamene chithunzi chimaonetsa mmene dzino lagonera, mmene mizu yakhotera, ndiponso ngati loyandikana nalo layamba kubowoka. Chimaonetsanso mtsempha umene umadutsa mkati mwa nsagwada ya m'munsi, umene umachititsa kuti mlomo wa m'munsi ndi chibwano zizimva kukhudza. Mizu ya dzino lomaliza nthawi zina imagona pafupi kwambiri ndi mtsemphawu. Ukavulala pozula, mlomo umachita dzanzi kwa milungu kapena miyezi, ndipo kwa anthu ochepa dzanzilo silithanso.

Akaona zonsezi, njira zimakhala zinayi. Yoyamba ndi kulisiya n'kumaliyang'anira. Dzino limene silikupweteka, silikutupa, silikuwononga linzake, silifunika kuzula. Ku Britain bungwe loona za chithandizo cha mankhwala lotchedwa NICE linalangiza m'chaka cha 2000 kuti mano a nzeru okanirira amene sakuyambitsa matenda asamazulidwe, chifukwa opaleshoni nayo ili ndi zoopsa zake.

Yachiwiri ndi kuchiza nkhama. Amatsuka kathumba kaja, amapereka mankhwala ngati kutupa kwayamba kufalikira, ndipo nthawi zina amadula kanyama kophimbako kapena amachotsa dzino la m'mwamba limene likukaluma. Ngati dzino laima chilili ndipo malo alipo, limatha kumaliza kumera lokha.

Yachitatu ndi kuzula. Imeneyi ndi ya dzino limene latupitsa nkhama mobwerezabwereza, labowoka, likuwononga linzake kapena lili ndi chotupa. Amabaya jakisoni wa dzanzi, ndipo ngati lagona chopingasa amang'amba nkhama pang'ono, n'kulidula zidutswa kuti lituluke osaswa fupa lambiri, kenako amasoka. Mizu ikayandikana kwambiri ndi mtsempha, madokotala ena amangochotsa mutu wa dzino n'kusiya mizu kuti ateteze mlomo. Opaleshoni imeneyi imapola msanga kwa wachinyamata kusiyana ndi munthu wa zaka 40 kapena 50, chifukwa fupa limanka liuma munthu akamakula.

NJIRA YACHINAYI: MAWAYA

Njira imeneyi ambirife sitinaimvepo. Mawaya a mano timawaona pa mafilimu kapena kwa ana a m'tauni, n'kumaganiza kuti ndi fashoni. Kwenikweni ndi chithandizo, ndipo nthambi ya udokotala yoona zimenezi imatchedwa orthodontics. Kagwiridwe kake ntchito n'kofanana ndi mmene timawongolera kamtengo ka mango kopendekera: timazika chikhomo, n'kumanga chingwe chokoka pang'onopang'ono. Dokotala amamata kachitsulo pa dzino, n'kulumikiza waya kapena kasipuling'i. Mbali imene dzino likukankha, fupa limasungunuka pang'ono. Mbali imene likuchoka, fupa latsopano limamera. Dzino limasuntha pafupifupi milimita imodzi pa mwezi, ndiye chithandizo chimatenga miyezi yambiri, mwina chaka kapena ziwiri, ndipo munthu amabwerera kwa dokotala pakatha milungu ingapo iliyonse kuti akakungitse waya.

Pa dzino lomaliza mawaya amathandiza m'njira zingapo. Tiyerekeze mtsikana wa zaka 18 amene dzino lake lachiwiri lotafunira labowoka moti silingamatidwenso, pamene kumbuyo kwake kuli dzino la nzeru lopendekera koma lathanzi. M'malo mozula onse awiri, dokotala akhoza kuzula lobowokalo, n'kudzutsa lopendekeralo ndi waya, n'kulikokera kutsogolo kuti litenge malo a linzake. Dzino limene linkaoneka ngati mdani lasanduka tayala la sipeya. Njira ina ndi ya dzino loti lizulidwe koma mizu yake yagundana ndi mtsempha uja: amayamba kulikoka pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo mpaka mizu itatalikirana ndi mtsempha, kenako n'kulizula popanda kuopseza mlomo. Palinso madokotala amene amazula dzino la nzeru mizu yake isanakhwime n'kulibzala pa malo pamene pachoka dzino lina, ngati kuwokera mbande.

Ndikudziwa zimene mukuganiza: ife kuno mawaya tiwapeza kuti? Zoona, chithandizo chimenechi chimapezeka m'mizinda monga Blantyre ndi Lilongwe, makamaka m'zipatala zolipira, ndipo mtengo wake pamodzi ndi thiransipoti ya mwezi ndi mwezi si wa munthu wodalira nandolo ndi ganyu. Komabe muli maphunziro atatu oti atithandize ngakhale tili kuno.

Loyamba, dzino la nzeru lathanzi ndi chuma chosungira m'tsogolo, ndiye tizilitsuka ngati ena onse. Likabowoka, sipeya yathera pomwepo.

Lachiwiri ndi la ang'ono athu. Dzino loyamba lalikulu lija, lomera pa zaka 6, makolo ambiri amaliyesa la ubwana loti lidzaguluka, ndiye likabowoka salabadira. Limenelo ndi lokhalitsa, silimeranso lina. Likawonongeka kwambiri, madokotala amaona kuti kulizula pa nthawi yoyenera, mwana ali ndi zaka za pakati pa 8 ndi 10, kumapatsa mpata dzino lachiwiri kuti limere chakutsogolo, ndipo la nzeru limadzapeza malo okwanira, nthawi zina popanda waya n'komwe. Mmera m'poyamba. Tikafika kunyumba tiyang'ane m'kamwa mwa ang'ono athu.

Lachitatu ndi kufunsa. Musanazulidwe dzino lotafunira, funsani mwaulemu kuti: adokotala, dzino langa lomaliza lili bwanji, lingathe kutenga malo a ili? Funso limeneli ndi ufulu wanu. Paja safunsa anadya phula.

Ndionjezere zinthu ziwiri pa mawaya. Pali chikhulupiriro choti dzino la nzeru ndi limene limakankha mano akutsogolo kuti athinane n'kukwerana. Kafukufuku sanapeze umboni wokwanira wa zimenezi; mano akutsogolo a m'munsi amatha kuthinana munthu akamakula ngakhale dzino la nzeru linachotsedwa kale. Ndiye musakazulitse dzino lathanzi poganiza kuti akutsogolo awongoka. Chinanso, waya woikidwa ndi munthu wosaphunzira, kaya wogula pa intaneti chifukwa cha fashoni, amagwedeza mano n'kuwononga nkhama. Wogwira ntchito ya mano m'dziko muno ayenera kukhala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi.

MUKAZULIDWA DZINO

Pa bala pamaundana magazi, ndipo magazi oundanawo ndiwo chivindikiro cha fupa. Lumani thonje limene akupatsani kwa mphindi pafupifupi 30. Tsiku loyamba musachukuche m'kamwa, musalavule mwamphamvu, musasute, musamwe mowa, ndipo khasu ndi mpira zipume kaye. Idyani zofewa monga phala lozizirako, nthochi ndi mbatata yophika, mukutafunira mbali inayo. Pakatha maola 24 yambani kuchukucha pang'onopang'ono ndi madzi a mchere aja. Kutupa pang'ono kwa masiku awiri kapena atatu n'kwachibadwa. Koma ngati pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ululu wayamba kukula m'malo mochepa, m'kamwa mukununkha, ndiye kuti chivindikiro chija chachoka, fupa lili poyera. Bwererani kuchipatala akatsuke n'kuikapo mankhwala. Chimodzimodzi ngati magazi sakusiya kutuluka.

NANGA IFE NGATI KALABU?

Kuti tikambe chilungamo, kuchedwa kwathu si umbuli wokha. Ogwira ntchito ya mano m'dziko muno ndi ochepa. M'chaka cha 2019, dziko lonse la anthu oposa 17 miliyoni linali ndi madokotala a mano osafika 50, ambiri mwa iwo ali m'mizinda, ndipo onse anakaphunzira kunja chifukwa kuno kunalibe sukulu yake. M'chaka chomwecho sukulu ya College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madokotala a mano mogwirizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, kudzera mu ntchito yotchedwa MalDent. M'chaka cha 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino yoona za umoyo wa mano ndi m'kamwa. Zinthu zayamba kusuntha, koma kuti zifike kuno kumalire pafunika anthu ochokera konkuno. Anzanga amene masayansi amakuyenderani, kuwonjezera pa unamwino ndi uphunzitsi ganiziraninso ntchito imeneyi. Ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe amaphunzitsa ma dental therapist, ndipo ku KUHeS kuli digiri ya udokotala wa mano.

Podikira zimenezo, ndikupempha kalabu yathu zinthu zinayi. Choyamba, tikhale ndi kathumba ka thiransipoti ya matenda adzidzidzi, ngati mmene amayi amachitira pa banki m'khonde, chifukwa nthawi zambiri munthu amagona ndi tsaya lotupa poti alibe ya njinga yamoto. Chachiwiri, tilembe mayina a anzathu a kabaza odalirika amene tingawadzutse usiku. Chachitatu, kudzera kwa alangizi a zaumoyo, komiti ya pachipatala ndi mafumu athu, tipemphe kuti ogwira ntchito ya mano azibwera kudzaunika achinyamata ndi ana a sukulu. Pa 20 Malichi chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira umoyo wa m'kamwa, ndiye pempho lathu likhoza kuyambira pamenepo. Chachinayi, amene dzino linawavutapo kale akaonetse mvula isanayambe. Tonse tikukumbuka mmene namondwe Freddy anadulira misewu ndi milatho m'boma lino mu Malichi 2023. Tsaya likatupa pa nthawi ngati imeneyo, msewu utaduka, munthu amasowa mtengo wogwira.

Anzanga, tikachoka pano aliyense akatenge galasi kapena tochi ya foni, akaone kumapeto kwa mano ake. Ngati mwaona kanyama kophimba dzino, yambani lero kutsuka bwino malowo. Ngati panatupapo kale kawiri, konzani ulendo wa kuchipatala mwezi uno, ululu usanakukonzereni wokha. Ngati mwaona chimodzi mwa zizindikiro zisanu zija pa wina aliyense, musadikire kuti kuche. Ndipo amene mukuwerenga pa foni, werengeraninso mokweza makolo ndi anzathu amene alibe foni.